Atsibweni Anga ndi Beseni Limodzi la Mtedza

Atsibweni anga, a Hezekiya Mbewe, tawaika m'manda mwezi wathawu. Pa mwambo wa maliro abusa anati malemuwa anali munthu wachikhulupiriro cholimba, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuseka pamaso pa anamfedwa. Za Mulungu sindikutsutsa, anakhala mkulu wa mpingo kuyambira ine ndisanamere ndevu. Koma pa za pansi pano munthuyu sankakhulupirira kanthu. Kuchokera kwathu kuno mpaka pa Nsaru ankadziwika ndi dzina loti a Sindinaone, ndipo ukawaitana choncho ankayankha bwinobwino ngati ndi dzina la ubatizo.

Ndikulemba izi mutu utaima. Ndakangana nawo zaka zambiri pa nkhani imodzi, ya makina oswera mtedza, ndipo apita ndisanadziwe ngati wolondola ndine kapena iwo. Nkhaniyi ndi imene inawatulutsa m'kalabu ya alimi yomwe anaiyambitsa okha. Ine, monga mlembi wa kalabuyo komanso mwana wa mlongo wawo, ndinkafuna chinthu chimodzi basi: abwerere. Ndinayesa kuwanyengerera, ndinayesa kuwakalipira. Kukalipira ndiye kumene ndimatha bwino.

Anthu mpaka pano amakamba za njinga. Chaka china fodya atawayendera, anapita pa Nsaru kukagula njinga yatsopano. Mwini sitolo anawauza kuti aikwere, azungulire kuseri kwa sitolo amve mmene ikuyendera. Anazunguliradi, nabwerera, nati pamalo osalala chonchi, popanda katundu, ngakhale wilibala ikhoza kudzitama. Anapempha kuti awabwereke thumba la feteleza, alimangirire pakaliyala, akwere nalo mtunda wa ku Kabudula n'kubwerako. Mwini sitolo anawayang'ana ngati wamisala n'kuilowetsa njinga yake m'kati. Chaka chonsecho atsibweni anayenda wapansi. Mukaganiza kuti anadandaula ndiye kuti simunawadziwe.

Minda yachitsanzo ya m'mbali mwa msewu, ija amaikapo zikwangwani za mbewu zatsopano, inkawapweteketsa mutu. Ankati munda wa pamsewu amaulera ngati mwana wobadwa yekha: feteleza pa nthawi yake, kupalira udzu usanaganize n'komwe zomera. Alangizi akatiitana kuti tikaone, ife timagoma ndi zisononkho za mzere woyamba, iwo ali kumapeto kwenikweni kwa munda, kuseri kwa chulu, akufunafuna pamene wolima anatopera. Ankapempha alangizi kuti mbewu yomweyo akaidzale kumtunda kwawo kumene kuli kaufiti, ndipo aisiye m'manja mwa munthu amene mwana wake wadwala sabata yopalira.

Ngakhale mkamwini wawo sanapulumuke. Mnyamatayo tsiku loyamba kumunda analima ngati akuthamangitsidwa, mizere yowongoka, thukuta kamukamu. Akazi awo a atsibweni, anaBanda, anabwera kunyumba akumwetulira kuti mwana wawo wapeza mwamuna. Atsibweni anangoti khasu la tsiku loyamba limalimira apongozi, osati munda, tidzamuone mu Febuluwale nkhokwe itapepuka. Mkamwiniyo anakhaladi munthu wolimbikira, ndipo anamuyamikira mwana woyamba atayamba kale sukulu.

Tsono za makina. Inali nthawi imene fodya anayamba kutigwiritsa mwala ndipo ambiri tinathawira ku mtedza. Vuto la mtedza si kulima, ndi kuswa. Amayi ankakhala pamphasa masabata ndi masabata, zala kung'ambika, ena n'kumawaza madzi makoko kuti afewe, mtedza n'kuchita chuku, ogula n'kumatibweza nawo. Ndiye kunabwera mnyamata wa kampani ina ya ku Lilongwe ndi makina opukusa ndi dzanja kumbuyo kwa galimoto. Tinasonkhana pabwalo la tchalitchi. Mnyamatayo pakamwa anali napo. Anatulutsa mabeseni awiri a mtedza m'galimoto mwake, limodzi anapatsa amayi awiri, linalo anakhuthulira m'makina. Mpikisano. Atapukusa kangapo, mtedza woyera uli yoyoyo m'chidebe, beseni latha, amayi aja asanadzaze ngakhale chikhatho.

M'manja munaombedwa, nthungululu zili pakamwa. Ine ndemwe ndinaomba mpaka zikhatho kutentha.

“Makolo anga, mwadzionera nokha,” anatero mnyamatayo. “Alipo amene sanaone?”

Dzanja limodzi linakwera. Anthu anayamba kuseka asanatembenuke n'komwe, chifukwa ankadziwa mwini wake.

“Agogo, munali kumbuyo eti? Senderani kuno tibwereze.”

“Ndinali kutsogolo, mwana wanga,” anatero atsibweni. “Ndaona makina akuswa beseni limodzi la mtedza umene mwabwera nawo nokha. Wosankha, wouma bwino, wofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Kodi munda wobereka mtedza wotere uli kuti? Mundiuze ndikaugule.”

“Mtedza ndi mtedza, agogo.”

“Ndiye zili bwino. Kunyumba kwanga kuli matumba. Muli waukulu, muli waung'ono, muli mphwephwa, timiyala ndi dothi la m'munda. Nditume ngolo pompano. Muswe umenewo mpaka dzuwa lipendeke, chitsulo chitenthe, mkono uleme. Mukatero ndidzati ndaona.”

Mnyamatayo anayang'ana wotchi. Anati akuyembekezeka ku Kasiya tsiku lomwelo, komanso mtedza wosiyana kukula umafuna kusintha sefa ya m'kati, ndipo iye wanyamula imodzi yokha.

“Yogwirizana ndi beseni lanulo,” anatero atsibweni.

“Eya.”

“Zikomo. Pitani bwino ku Kasiya.”

Msonkhano umene unatsatira galimoto itachoka sindidzauiwala. Atsibweni, monga wapampando, anati kalabu isagule kanthu mpaka kampaniyo itabwereka makinawo sabata yathunthu kuti aswe mtedza wathuwathu. Tonse tinkadziwa kuti palibe kampani ingalole zimenezo. Anaimirira anaPhiri, msungichuma wathu, mayi wosaopa mwamuna aliyense, natambasula manja awo pamaso pa atsibweni.

“A Mbewe, taonani zala izi. Inu mumaswa mtedza ndi pakamwa, ife ndi izi. Inu mukamadikira kuona, ife tikhala tikutha zikhadabo.”

Atsibweni anawayankha mofatsa kuti zalazo akuziona, n'chifukwa chake sakufuna kuti thukuta la zala zomwezo likagule chitsulo chodzakhalira nkhuku. Apa ine magazi anakwera. Ndinaiwala kuti ndi atsibweni, ndinaiwala kuti tili pabwalo la tchalitchi.

“Inu atsibweni, ngakhale mvula itakugwani pamutu mudzati tidikire kaye tione ngati ikunyowetsa!”

Sanakwiye. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa funso labwino.

“Chizimalupsa nayo imanyowetsa, mphwanga. Umadzala nayo?”

Anthu anaseka, koma pokweza manja anakweza kumbali yanga. Atsibweni anawerenga manjawo okha, nalengeza kuti kalabu yavomereza kugula. Kenako anatola chipewa chawo nati iwo sangatsogolere anthu amene amaganiza ndi kuomba m'manja. Anatuluka pabwalopo pang'onopang'ono, osatembenuka. Tinkayesa kuti pofika sabata yamawa mtima ukhala utatsika. Sunatsike.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi imandizunguza. Mukuyembekeza kuti ndinene kuti makinawo anathyoka mwezi woyamba, ife n'kupita kukagwada kwa mkulu wanzeru. Ayi. Makinawo anagwira ntchito. Anabwera ndi masefa atatu. Ankaphwanya maso ena a mtedza, chogwirira chinathyokapo tinakawotcheretsa pa Nsaru, koma ntchito ya masabata inkatha masiku ochepa. Chuku chinachepa. A midzi ina anayamba kubwera kudzaswetsa kwa ife. Ndipo atsibweni anali pakhonde pawo, lichero pamwendo, akuswa ndi zala pamodzi ndi anaBanda. Kuyambira tsiku lija la zala za anaPhiri sanalolenso kuti akazi awo aziswa okha. Chimenecho ndiye anachimva.

Ndinapita kwawo chifuwa chili patsogolo.

“Atsibweni, mwamva? Makina anu oipa aja atha matumba a kalabu yonse.”

“Ndamva. Ndi makina abwino.”

“Ndiye vomerani kuti munalakwitsa.”

“Ndinalakwitsa chiyani? Ine ndinanena kuti ndi oipa?”

“Nanga munati chiyani?”

“Ndinati sitinaone. Ndipo sitinaonedi. Munagula mwamwayi.”

“Mwayi wanji, poti akugwira ntchito!”

“Munthu akawoloka mtsinje wodzaza atatsinzina, n'kufika tsidya, ndiye kuti kutsinzina ndi nzeru? Mawa kubwera wina ndi beseni lake, mudzaombanso m'manja.”

Ndinachoka osatsanzika. Sukulu ndinapitako mpaka fomu folo, mtsutso ndinkautha, koma munthu amene akuvomera kuti makina ndi abwino n'kumakana kuti analakwitsa powakana, umamugwira pati? Usiku ndimati ndawapeza poyankhira, kukacha ndikawauza, iwo n'kundibweza ndi mawu awiri uku akutaya makoko m'dengu. AnaBanda ankangoti, “Inu awiri mukanakhala atambala tikanadya mmodzi.”

Pamaliro paja ndinakhala pafupi ndi mdzukulu wawo Tiyamike, mayi wamkulu tsopano, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Lilongwe. Ndikumufotokozera za beseni anaseka misozi ili m'maso. Anati kuntchito kwawo mkangano ndi womwewo. Kuli zida zimene zimatenga malangizo olembedwa ndi munthu n'kuwasandutsa pulogalamu yoti kompyuta iyendetse, ndipo aliyense wopanga chida chotere amalengeza kuti chake ndicho chimatulutsa mapulogalamu othamanga kuposa ena onse. Ukafunsa kuti anayesa bwanji, upeza anangoiuza kompyuta kuti iwonkhetse timanambala mobwerezabwereza, kantchito kamene palibe amakagwira. Ukachipatsa ntchito yeniyeni, yosokonekera, yolembedwa ndi anthu ambiri zaka zambiri, mwina chithamanga, mwina chikwawa, sungadziwe. Anati iye amakana kusintha chida chifukwa cha timayeso totere, ndipo anzake amamunena kuti ndi wovuta. Zambiri sindinazimve, koma magazi a atsibweni ndinawazindikira. Ndinamufunsa ngati zida zimene amazikanazo zimapezeka kuti n'zoipa. Anati nthawi zina zimakhala zabwino ndithu. Ndinangoti basi, nonse ndinu amodzi, mundipha ndi mutu.

Chaka chatha, nthawi yoswa, ndili pa shedi ya kalabu ndinangoona ngolo ikubwera, atsibweni ali pamwamba pa matumba. Anatsika, napereka moni, nafunsa anaPhiri kuti munthu wakunja amalipira bwanji kuti aswetse. AnaPhiri anati iwo si wakunja. Atsibweni anati ndi wakunja, ndipo analipira ngati wakunja. Matumba ake anali aja oipitsitsa, otolera m'mbuyo mokumba, osapeta. Anyamata atafuna kuwapukusira anakana. Anavula jekete, napukusa okha, munthu wa imvi mutu wonse, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ankaima, kusintha sefa, kugwira chitsulo kuti amve kutentha, kutapa mtedza m'manja n'kumausanthula ngati akusankha mikanda. Mbiri inamveka m'mudzi ndipo anthu anadzaza pa shedi ngati pali msonkhano wachipani.

Thumba lomaliza litatha anapukuta nkhope nati, “Kuswa ndaona. Amaswa.”

AnaPhiri anaimba nthungululu. Wina anathamanga kukatenga mpando wa wapampando, umene tinkangosinthana popanda woukhalira mokhazikika chichokereni iwo. Koma mpandowo atauika kumbuyo kwawo sanakhale.

“Nanga mbewu?” anatero.

“Mbewu yatani?” ndinafunsa, mawu atayamba kale kukwera.

“Mtedza wogubuduzidwa ndi chitsulo chonchi, khungu lake lakhudzidwa. Wodya palibe kanthu. Koma wodzala, umabereka ngati woswa ndi manja?”

“Atsibweni! Takhala tikudzala umenewu zaka zonsezi!”

“Mwadzala, koma simunayerekeze. Chaka chikakoma mumati makina. Chikaipa mumati mvula.”

Ndinamenya chitseko cha shedi ndi chibakera mpaka chala kutupa. Iwo anadikira kuti phokoso lithe, kenako analonjeza pamaso pa anthu onse. Anati m'munda wawo wa kumunsi, woyandikana ndi dambo, adzadzala mbewu ziwiri za mtedza umodzi womwewo, ina yoswa ndi makina, ina ndi manja. Akadzakumba, kuumitsa ndi kuthothola, adzabwera pa msonkhano wa kalabu, adzakhala pampandopo, ndipo adzanena zimene aona, kaya zikomere ife kaya iwo. AnaPhiri anawauza kuti alumbire. Anati mkulu wa mpingo salumbira, akanena wanena.

Mvula yodzalira itagwa anatumiza anaBanda kwa mwana wawo kuti akathandize kumeneko, iwo nalowa m'munda okha ndi timatumba tiwiri. Ine ndinafika atamaliza. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna zikhomo kapena timiyala tosonyeza malire. Panalibe. Anati sanagawe munda pakati, chifukwa kumunsi n'konyowa kuposa kumtunda ndipo mbali imodzi ikanadyera mwayi. Anasakaniza: apa mizere ingapo ya makina, apo ingapo ya manja, mosatsata ndondomeko, mpaka munda wonse.

“Ndiye ya makina ndi iti?”

“Ndikakuuza udzabwera m'mamawa kudzaipalira bwino.”

“Ine?”

“Iweyo. Ndipo anaBanda akadziwa adzakondera ya manja, poti zala zake ndi zawo. Zili m'mutu muno, muli malo okwanira.”

Pa Khirisimasi ndinawapeza akuyendera mundawo manja kumbuyo. Mtedza unali utamera, mwina mothithikana, mwina mwa apo ndi apo. Ndinawafunsa kuti pakumera pokha akuona bwanji. Anati kumera ndi beseni limodzinso, mwana amabadwa wonenepa n'kudzakula wofooka. Tidikire zokolola.

Kudwala kwa atsibweni kunali kwa masabata ochepa. Anayamba kuwonda, chakudya osachifuna. Titapita nawo kuchipatala anawatenga magazi, ndipo adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza zimene achibale safuna kumva. Ndinakhala pambali pa bedi lawo ndikulimbana ndi lilime langa. Munthu wina akanakamba za Mulungu, kapena za ana. Ine ndine ine.

“Atsibweni, mizere ija. Tandiuzani, sindikaigwira.”

“Ukuthamangira kuti? Tikumba limodzi mvula ikatha.”

“Adokotala akuti matendawa ndi aakulu.”

Anatukula dzanja, nandionetsa kabala ka singano pamkono.

“Anatenga kadontho aka. M'thupi lonseli. Ndiye akuti aona?”

Anaseka, inenso ndinaseka, chifukwa ndikanapanda kuseka ndikanaphwanya zinthu m'chipatala cha eni. Kadonthoko kananena zoona. Anamwalira Lachisanu la sabata yotsatira. Ndiye muzindiuza: beseni limodzi linanena zoona za makina, kadontho kamodzi kananena zoona za thupi lawo, koma ndikakhala pansi n'kuganiza mofatsa, chinthu chimene sindichita kawirikawiri, ndimapezabe kuti pa tsiku lija pabwalo la tchalitchi ife sitinkadziwa kanthu, tinangoomba m'manja. Zonse ziwiri zikundikanika kuzinyamula m'mutu umodzi.

Ndafunsa anaBanda ngati anawanong'oneza za mizere ija. Akuti m'banja lawo lonse bamboyo sanawabisirepo kanthu kupatula chimenechi, ndipo akawapeza kumwamba nkhani yoyamba ikhala imeneyo. Ndafunsa mkamwini, ndafunsa abusa. Palibe.

Dzulo ndinatsikira kumunda kuja. Mtedza wakula, masamba ayamba kuchita mawanga, posachedwa ufuna kukumba. Pali mizere yobiriwira yotsekana bwino, pali ina yoperewera, ya mipata ngati mano a nkhalamba. Ndinaima pa wina wokongola n'kunena mumtima kuti uwu ndi wa makina. Ndiye ndinaona kuti uli pafupi ndi pamene panali khola la mbuzi kale. Ndinapita pa wina wonyozeka n'kunena kuti kapena wa makina ndi uwu, ndiye ndinaona nkhuti za mbewa m'mbali mwake. AnaPhiri akuti tingokumba wonse, tiswe, tigawire amasiye, nkhani ithe. Mwina ndi zimene tichite.

Kumapeto kwa munda, pansi pa mtengo wa mango, pali chitsa chimene ankakhalapo akatopa, pamwamba pake posalala chifukwa chokhalidwa. Kuchokera pamenepo umaona mizere yonse, kuyambira kumtunda mpaka kudambo. Udzu wayamba kale kuchizinga. Ndinakhalapo kanthawi, ndikuyang'ana kumene iwo ankayang'ana, ndipo sindinaone kanthu koma mtedza.